Mkamwini wa Sireni

Lachinayi m'mawa Januária anakanikiza msana wa nkhumba yake ndi manja onse awiri, nkhumbayo n'kuima nji ngati tebulo. Inangoimika makutu. Masiku ena onse munthu akangoikhudza inkalira mpaka agalu a midzi itatu kuyankha, ndipo n'chifukwa chake inkatchedwa Sireni.

"Wafuna mphongo," anatero Januária. "Bambo a Dércio, tabwerani mudzaone."

Simão, mwamuna wake, sanabwere. Anali pamwamba pa nyumba yatsopano akumanga phaso, luzi lili kukamwa. Nyumbayo inali ndi makoma, inali ndi mawindo awiri, inali ndi chitseko chotsamira pa mtengo wa mango, koma denga inalibe. Chibwerereni kuchokera ku kampu ku Malawi, chaka ndi theka chapitacho, awiriwa ankagona m'chisakasa cha lona yemwe tsopano ankadontha ngati sefa. Loweruka Simão anali atamema dima, amuna khumi ndi anayi oti adzafolere nyumba yonse tsiku limodzi. Anthu a dima salipidwa, amadya. Ndipo Simão anali atanena kale, kamodzi kokha monga mwa khalidwe lake, chimene adzadye.

Analavula luzi lija. "Aka n'kachitatu. Tinagwirizana. Ikakana mphongo ulendo uno, Loweruka ndi ndiwo."

"Munagwirizana ndi yani? Ine ndinali kumtsinje."

"Munamva."

Januária anamvadi. Ankadziwanso masamu ake. Nkhumba ikafuna mphongo imadikira masiku awiri okha, akadutsa amenewo mpaka patapita sabata zitatu, pamene Loweruka linali mkuja. Mphongo zapafupi zinali kwa Pascoal, kufupi ndi msika wa Mongue, makilomita asanu ndi awiri. Kawiri konse Sireni anamangidwa pa thabwa, thabwa pa njinga, n'kulira njira yonse. Kawiri konse anafika thovu lili kukamwa ndipo mphongo sanafune n'kuiona komwe.

Nércia, mwana wa mng'ono wake wa Januária, anatuluka m'chisakasa kope lili m'manja. Nkhondo inamupeza ali pasukulu ya masisitere ku Quelimane, motero za ku kampu ankangomva. Tsopano anali chaka chachitatu ku yunivesite ku Maputo kuphunzira za ziweto, ndipo patchuthi ankabwera kudzavutitsa nkhumba za eni. Chaka chathacho, bungwe lina litabweretsa tiana ta nkhumba zoyera kuti ligawire obwerera kwawo, iye anapempha kuti ayambe watiyesa tonse. Kuyesa kwake kunali kotere: kagoneke chagada, dzanja limodzi pachifuwa, maso pa wotchi mphindi imodzi, n'kuwerenga kuti kaphiriphitha kangati. Sireni anaphiriphitha kasanu n'kanayi, pomaliza n'kumukodzera pa wotchi. M'bale wake wa bere limodzi, amene anapita kwa Lucrécia kuseri kwa chulu, sanaphiriphithe n'kamodzi komwe.

Nkhaniyi inkamukoma Nércia ngati nzimbe. Mayi mmodzi, mkaka umodzi, madeya a chigayo chimodzi, njinga yomweyo, thabwa lomwelo, mphongo yomweyo. Ya Lucrécia inapita kamodzi n'kuswa ana asanu ndi atatu. Sireni, ziii.

"Tia, vuto si mimba," anatero Nércia kwa mayi ake aakuluwo. "Ndi mutu."

"Wapenga?"

"Ayi. Mu ubongo muli timadzi tosiyanasiyana, ndipo nkhumba iliyonse inathiridwa muyeso wakewake, ngati mchere wa ophika awiri. Kena amakatcha serotonina. Ntchito yake n'kugwira nyama paphewa n'kuiuza kuti, takhala pansi. Ndikuganiza kuti Sireni anamuthira kochepa. Mukangomumanga, ubongo umatumiza uthenga thupi lonse kuti kwagwa nkhondo. Ndiye thupi lili pankhondo lingaganize za ukwati?"

"Ife tinabereka ana awiri nkhondo ili m'kati."

"Inu si nkhumba, tia."

"Zikomo, dotora. Zaka zitatu ku Maputo sizinapite pachabe."

Kuchokera padenga, Simão anati, "Ipatseni masese igone panjira."

"Tinaipatsa ulendo wachiwiri uja," anatero Januária. "Inafika kwa Pascoal italedzera n'kuluma mwamuna khutu. Mwaiwala? Munapepesa ndinu."

Nércia anatseka kope. Yankho linali litamufikira, ndipo mayankho akamufikira ankaseka kaye asanawanene. "Asapite. Ngati ulendo ndiwo ukumuwononga, tichotse ulendo. Mphongo ibwere kuno."

Januária anaima kaye, kenako anadzimenya pantchafu. "Ndinaiwala bwanji ine? Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Chikamwini. Ife takhala tikumutengera mwanayu kwa mwamuna ngati Angoni, ndiye akane bwanji? Bambo a Dércio, inuyo pano si munabwera ndi miyendo yanu? Ine anandimangapo pa thabwa?"

Simão anabwezera luzi kukamwa.

Ananyamuka ndi njinga ya Simão, Nércia akupalasa, Januária pa kaliyala atafungata thabwa ndi mtolo wa malegeni. Msewu unali wa mizere iwiri ya matayala, udzu pakati, ndipo m'malo ena munali miyala yopakidwa penti yofiira m'mbali, yokumbutsa kuti wofuna kupatuka apirire. Januária analankhula njira yonse. Akafika pokwera ankatsika n'kumalankhulabe akukankha, Chinyanja chikamuthera n'kulowa m'Chilomwe.

Pascoal anamupeza akutsuka mgolo wa madeya. Anali munthu wamfupi, wa chipewa cha chikopa, amene ku kampu ankakhala mzere umodzi ndi a Simão. Pogawa nkhumba paja iye yekha anasankha zamphongo ziwiri anzake akulimbirana zazikazi, anthu n'kumuseka. Tsopano aliyense wa nkhumba yaikazi ankabwera pakhomo pake chipewa chili m'manja.

"Bom dia, amake Dércio. Nanga mkwatibwi mwamusiya kuti? Sindinamumve panjira."

"Ali kwawo, monga mwa mwambo. Tabwera kudzatenga mwamuna."

Pascoal anaika mgolo pansi mosamala. "Mphongo zanga sizipita ku chikamwini."

"Ndi nkhumbatu izi, a Pascoal."

"Ine ndinakhala pa chikamwini zaka zisanu n'zinayi ku Molumbo. Ndinalima, ndinamanga nkhokwe ziwiri, ndinabzala malalanje. Tsiku lochoka ndinatuluka ndi khasu ndi mkeka. Mkekawonso anaukambirana kaye. Ndiye ndinalumbira kuti chamoyo chilichonse chachimuna cha pakhomo panga, kaya tambala, mkazi azichipeza pano."

"Malalanjewo akubereka?"

"Ndamva kuti akubereka kwambiri."

"Pepani," anatero Januária, nkhope itagwa ngati ali pamaliro. "Basi tipite kumsika, Nércia. Anthu akatifunsa tikangonena zoona, kuti tinapita kawiri kwa Kapitao, mphongo ya a Pascoal, ndipo palibe chinachitika. Ife sitikudziwa kuti wolephera ndani. Mwina ndi wathu. Mwina. Adotora alemba m'kope, akafunsa aphunzitsi awo ku Maputo."

Nércia anatsegula kope n'kunyambita pensulo.

Pascoal anayang'ana kope lija nthawi yaitali. Kenako anawatsogolera kukhola. Munali zipinda ziwiri. M'chipinda choyamba Kapitao, wa khutu lobooka ndi mano a Sireni, anaimirira ndi miyendo iwiri pamtanda n'kuyamba kukalipa. M'chachiwiri munali mphongo ina yofanana naye msinkhu, itaima pakati, maso pansi.

"Kapitao sachoka pano, zivute zitani," anatero Pascoal. "Ngati mukufuna mkamwini tengani uyu. Seminarista. Amayenda ngati akupita kukalandira Ukalistia."

"Ntchito amaidziwa?"

"Anagwirapo kawiri, Kapitao atatupa mwendo. Palibe anabwera kudzadandaula."

Nércia anali akufufuza kale masamba. Anapeza tsiku la kugawa kuja, chala n'kutsika mzere ndi mzere. Wa banga paphewa lakumanzere, mphongo, kuphiriphitha: ziro. Anatsala pang'ono kuvina. "Tia, ndi ameneyu amene tikumufuna. Ziro. Ngati ya Lucrécia ija. Uyu saopa kanthu, mukhoza kumutengera mpaka ku Molumbo."

"Ku Molumbo ayi," anatero Pascoal.

Anamugoneka chammbali pa thabwa, anamukulunga malegeni pachifuwa ndi m'chiuno, anamufunditsa masamba a nthochi n'kumuthira madzi. Seminarista sanalire n'komwe. Anthu atatu anakweza thabwa pa njinga, Seminarista phee. Pascoal anawaperekeza mpaka pamsewu akubwereza kuti mawa dzuwa lisanafike pamutu amufuna pakhomo, ndiponso kuti asamulimitse.

Njinga ya nkhumba siipalasidwa, imakankhidwa. Nércia anagwira zigwiriro, Januária kumbuyo dzanja pa thabwa. Pa mjigo woyamba amayi otunga madzi anawafunsa kuti yafa kapena yamoyo, poti sanaonepo nkhumba yodutsa pamenepo osalira.

"Ndi yamoyo," anatero Januária. "Ndakatenga mkamwini."

Mayi wina analiza nthungululu mongoseka. Wachiwiri anayankha. Wachitatu anatula ndowa yake, anaigadabuza n'kuyamba kuiomba. Anthu awa anali atakhala zaka zambiri osavina ukwati weniweni wa pamudzi pawo, wa ku kampu unkatha msanga chifukwa cha mzere wa ufa, ndiye miyendo inali yokonzeka kale, inkangosowa chifukwa. Pofika pamlatho wa mitengo gulu linali la anthu makumi awiri. Wina anathyola maluwa ofiira n'kuwasomeka pa belu la njinga. Wina anathira mkwati ufa pamutu. Pa mjigo wachiwiri anaima kuti amuthire madzi, ufa uja n'kusanduka phala.

Pamenepo ndi pamene anatulukira Olímpio, wotcheza kachasu, yemwe ankalawa yekha katundu wake m'mawa uliwonse kuopa kupha anthu. Atamva nkhani anavula chipewa n'kulengeza kuti mwana wa mwini sangapite kuukwati wopanda nkhoswe. Anayenda pambali pa njinga atawerama, pakamwa pali pa khutu la Seminarista, akumulangiza.

"Ukafika usathamangire mbale. Apongozi ukakumana nawo panjira, patuka. Akakupatsa munda wa miyala, thokoza. Usamatchule kwanu pafupipafupi, zimawanyansa."

Nércia ankaseka mpaka njinga kupendama. Nthawi ndi nthawi ankaima, kope pa chishalo, n'kulemba: makilomita atatu, sanalire. Makilomita asanu, ng'oma ziwiri, sanalire. Anayamba kuganiza za mutu wa pepala limene adzalembe akabwerera ku Maputo, ndi nkhope ya mnyamata wina wa m'kalasi mwake amene ankati za nkhumba za kumudzi si sayansi. Bambo wina wa njinga ya makala anamufunsa chimene akulemba, iye n'kumufotokozera za serotonina kwa theka la kilomita. Bamboyo anafunsa ngati amagulitsa m'mabotolo, poti kunyumba kwake kukufunika.

Anafika pakhomo dzuwa lili pamutu, gulu litaposa makumi anayi. Simão anawayang'ana ali padenga, sanatsike. Sireni anali atanunkhiza kale mlendo, mphuno ili pampata wa mitengo ya khola, thupi lonse chilili. Anamasula malegeni pakhomo la khola, anthu akuomba m'manja, ndipo Seminarista anadzuka, analowa, anadutsa mkwatibwi ngati sakumuona, anapita pangodya n'kulowetsamo mutu.

"Ulemu," anatero Olímpio. "Ndinamuuza ine. Asathamangire mbale."

Anthu anazungulira khola, ena kukwera pamitanda. Sireni anapita kukamugunda ndi mphuno m'nthiti. Seminarista anapanikiza mutu pangodya. Sireni anaima patsogolo pake, kapena kuti pambuyo pake poti kutsogolo kunali mitengo, n'kuimika makutu monga anachitira m'mawa. Palibe chinachitika. Malangizo anayamba kugwa ngati matalala. Mukokeni mchira. Muthireni tsabola. Muimbireni ija ya pamlatho, anaikonda. Mayi wina anati amuna a masiku ano ndi choncho, amuna onse n'kuyankha pamodzi, mkangano n'kusiya nkhumba n'kulowa m'mabanja a anthu.

Ola linatha. Lachiwiri linayamba. Mthunzi wa mango unasuntha n'kuchoka pakhola. Januária anali atasiya kuseka kalekale. Ankayang'ana Sireni, kenako denga lopanda udzu, kenako Sireni. Nkhumba iyi anailera m'chisakasa momwe ankagona iye, pa nthawi imene analibe mbuzi, analibe nkhuku, ndipo usiku afisi ankayenda pabwalo ngati kwawo. Anakoka Nércia pa mkono.

"Dotora. Ziro wako uja ndi ameneyu?"

Nércia anadumpha mtanda n'kulowa. Anagwada pambali pa Seminarista, anaika dzanja kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Mtima unkagunda ngati chigayo cha dizilo. Khungu linali lotentha, la mawanga ofiira pamimba, ndipo minofu ya m'ntchafu inkanjenjemera pang'onopang'ono, mosaoneka kwa munthu woima kunja. Mpweya unkatuluka mofupikira, wefuwefu, kukamwa kuli kotseka.

Anakhala chogwada. Kenako anakumbukira tsamba lina la pepala limene anaphunziramo kuyesa kuja, tsamba lomaliza, la manambala ang'onoang'ono, limene analidumpha mnzake atamuuza kuti silibwera pamayeso. Linkanena za kortizolo, madzi a mantha amene amathiridwa m'magazi ubongo ukalamula. Ndipo linkati nkhumba zogona phee nthawi zambiri zimakhala ndi wochuluka kuposa zophiriphitha.

"Tia," anatero motsitsa mawu, "ndalakwitsa. Ine ndinkawerenga miyendo. Ndinkayesa wosaponya miyendo ndi wosaopa. Uyu wakhala akuopa kuchokera kwa a Pascoal. Sireni mantha ake amatulukira kukamwa. Uyu amauma nawo."

"Ndiye ng'oma zija?"

"Ng'oma zija, nthungululu, ufa, a Olímpio."

"Nanga ya Lucrécia inatenga bwanji bere?"

"Inagona kwa a Pascoal masiku awiri, mvula itatseka njira. Zili m'kope momwemu. Sindinaziwerengere."

Januária anapumira m'mwamba. "Chabwino. Tsopano buku likuti titani?"

"Likuti apume masiku angapo."

"Masiku tilibe, mwanawe. Mawa masana mwini wake amufuna, ndipo Sireni mawa lomwelo makutu agwa."

Nércia anatsegula kope, analitseka.

Simão anatsika padenga. Anatsika pang'onopang'ono, phazi ndi phazi pa makwerero a nsungwi, anapukuta manja pa kabudula, anafika pakhola n'kuyang'ana mphongo ija pangodya. Anaiyang'ana ngati munthu wokumana ndi wakwawo pamsika wachilendo. Kenako anatembenukira gulu.

"Mwachita bwino kubwera ambiri," anatero. "Udzu wofolera uli kudambo, mitolo makumi asanu ndi limodzi. Aliyense atenge umodzi, akabwera adzaonera bwino."

Anthu a kuno anathawapo zinthu zambiri, koma sanabalalikepo msanga chotere. Wina anakumbukira ndowa imene anaisiya pa mjigo. Wina anakumbukira mbuzi, ngakhale aliyense ankadziwa kuti alibe. Olímpio anati nkhoswe sisenza katundu paukwati wa mwana wake, anapereka lonjezo lobwera Loweruka, n'kutsata anzake. Pasanathe nthawi pabwalo panatsala anthu atatu ndi maluwa ofota pa belu la njinga.

"Gwira uku," Simão anauza Nércia. Ananyamula chitseko chatsopano chija pa mango, analowa nacho m'khola n'kuchiimika chopingasa pakati, Sireni mbali iyi, mlendo mbali iyo, n'kuchimanga ndi luzi. Pansi anasiya mpata wolowa mphuno yokha. Anatenga mitolo iwiri ya udzu imene inali kale pakhomo n'kuiyala pamwamba pa ngodya ija, pansi pake n'kuchita mdima wozizira. Anathira ndowa ziwiri za madzi pansi, osati pa nkhumba, kuti dothi lifewe. Thabwa lija ndi masamba a nthochi anaziponya m'katimo.

"Zimenezo n'zachiyani, tio?" anafunsa Nércia.

"Zikununkha kwawo."

Kenako anakhala pansi kunja kwa khola, msana atatsamira mitengo, nkhope kuyang'ana kumunda. Anatulutsa luzi m'thumba n'kuyamba kupota pantchafu. "Khalani. Musamuyang'ane."

Anakhala, Januária kumanja, Nércia kumanzere, onse atafulatira khola ngati anthu okwiyira nkhumba. Kwa Januária kukhala chete inali ntchito yolemetsa kuposa mitolo ya kudambo. Anapirira mphindi zingapo.

"Mwazidziwira kuti zimenezi?" ananong'oneza.

Simão anapota luzi mpaka kumapeto, anatenga lina. "Tsiku limene ndinabwera pamudzi pano, alongo anu atatu anakhala pamkeka kundiyang'ana ndikudya. Amalume anu pampando. Ana pazenera. Amayi anu ankasuzumira pampata wa mpanda, ndinkaona diso limodzi."

"Munadya mwaulemu. Aliyense anayamikira. Amayi anati, mwana wanga wapeza mwamuna wofatsa."

"Nkhuku munandiphera ija inaima apa." Analoza pakhosi. "Masiku awiri. Ndinkafuna kuthawa koma miyendo inalibe mwini."

"Bodza."

"Tsiku lachitatu agogo anu aamuna anandiponyera nkhwangwa, anati tiye. Tinapita kuthengo. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Sanandifunse kanthu, sanandiyang'ane tsiku lonse. Pobwera ndinamva njala."

Januária anatembenuka n'kumuyang'anitsitsa mwamuna wake, ngati wamugula lero. "Zaka makumi awiri ndi zinayi ine ndimauza anthu kuti bambo a Dércio saopa. Pa Ruo paja, tikuwoloka madzi ali m'khosi, mfuti zikulira kumbuyo, ine ndikukuwa mayina a oyera onse, inu munali phee, mwana paphewa."

"Eya. Phee."

"Ndiye munkaopa?"

"Inu mumakuwa, zimatuluka. Ine zimakhala."

Dzanja la Nércia linali litayamba kale kufufuza pensulo.

"Iwe," anatero Januária osamuyang'ana, "ukalemba amuna anga m'kope la nkhumba, kopelo alidya Sireni."

Anakhala. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa nyumba yopanda denga unatalika n'kufika pamapazi awo. Kumbuyo kunkamveka Sireni yekha akupumira pansi pa chitseko. Nércia ankawerenga m'mutu maola amene atsala, n'kuwerenganso, yankho n'kumatuluka lomwelo. Kawiri anafuna kucheuka, kawiri Simão anamugwira bondo ndi chala chimodzi.

Kenako kunamveka thapsa, chinthu cholemera chikugona m'matope. Patapita nthawi, kutafuna. Seminarista ankadya masamba a nthochi amene anafunda panjira.

"Njala," anatero Simão.

Pambuyo pake kunamveka mphuno ikufukula dothi, kuyandikira chitseko. Kenako mawu amene Nércia anawawerengapo m'buku koma anali asanawamvepo, kulira kwa mphongo kwa pansipansi, kotsatizana, gu gu gu gu, ngati njinga yamoto yakutali. Sireni anasiya kupuma mokweza.

Simão anadzuka osafulumira. Analowa chammbali, maso ali kumunda, anadula luzi ndi kampeni, anakweza chitseko n'kutuluka nacho atachisenza kumsana, kotero kuti iye sanaone kanthu. Januária ndi Nércia anaona, aliyense ndi diso limodzi pampata wa mitengo. Seminarista, matope mpaka m'makutu, phala la ufa likadali pachipumi, anazungulira mkwatibwi kamodzi, anamugunda m'nthiti ndi mphuno, n'kukwera. Sireni anaima osasuntha ngakhale khutu.

Nthungululu inamukwera Januária kuchokera m'mimba. Anaitseka ndi manja awiri, inatulukira m'mphuno, anagwa chagada pa udzu miyendo ikuponya m'mwamba. Nércia analuma kope kuti asaseke, misozi ikutsika, koma wotchi sanaiiwale. Zinatenga mphindi khumi ndi imodzi, ndipo chakumapeto mkwati ankaoneka ngati akuodzera.

Anachoka pakhola chokwawa, anakaseka bwino kuseri kwa nyumba. Simão anawapeza komweko atatsamiritsa chitseko pakhoma, akuchipukuta matope ndi udzu.

"Pronto, zatheka," anatero Nércia akupukuta m'maso. "Mawa m'mamawa abwereze, kenako tim'bweze kwa a Pascoal kusanatenthe, popanda ng'oma. Ngati watenga bere tidziwa pakatha sabata zitatu."

"Mwamva, bambo a Dércio? Sanakane. Sabata zitatu. Loweruka ndi mkuja."

"Ndamva."

"Ndiye amuna khumi ndi anayi aja adya chiyani?"

Simão anayang'ana pabwalo. Madzi amene anatayika pakhola anali atayenderera n'kupanga kathawale, ndipo m'menemo munkasamba abakha ake atatu, amene anabwera nawo kuchokera ku Malawi m'dengu, pa lole, atawafungata pamiyendo njira yonse.

"Nyemba," anatero.

"Nyemba ndi abakha," anatero Januária. "Munthu sakwera padenga chifukwa cha nyemba."

Simão anapitiriza kupukuta chitseko. Nkhope yake inali yosalala ngati madzi a mumtsuko. Nércia anamuyang'ana, anaika kope pansi, anamugwira padzanja ndi zala ziwiri n'kuyang'ana wotchi.

"Tio, mtima wanu ukuthamanga."

"Awiri," anatero Simão. "Wamkaziyo mumusiye, akuikira."